Matenda Onamizira a Mayi Selestina

Mayi Selestina a ku Tsangano sankafuna n'komwe kumva za ulendo wakunja. Bambo awo anapita kumigodi ya ku Joni n'kutchona komweko. Amuna awo nawo anati akukagwira ntchito m'mafamu chaka chimodzi chokha, koma mpaka lero kuli zii. Ndiye mwana wawo Tisungane, amene ankaphunzira za magetsi a dzuwa pakoleji ya ntchito zamanja, atabwera ndi nkhani yoti koleji yawo yagwirizana ndi ina ya ku Jeremani, ndipo opambana mayeso akaphunzira kumeneko chaka chathunthu, mtima wa mayiwo unangoti myuu!

Anakadandaulira mnzawo Edna, amene ankagulitsa naye mbatatesi pamsika.

"Inunso a Selestina, n'zovuta zimenezo?" anatero Edna. "Sabata ya mayesoyo mungogona pamphasa. Mwana wake uti angasiye mayi ake akubuula?"

Mayi Selestina anachitadi zomwezo. Anamanga duku mothinitsa n'kufunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo. Tisungane, amene anali atalongeza kale za ulendo wa kumayeso, anamasula chikwama n'kuyamba kuwaphikira phala ndi kuwathowa msana. Mayeso atadutsa, matenda nawo anatha, ati Mulungu wayankha mapemphero. Ha, anthufe sitiopa!

Koma mayiwo mtendere sanaupeze. Mwana amene ankaimba popita kumjigo anangosanduka wa duu. Sanawakalipire, sanawafunse kanthu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkawalasa kwambiri. Kutchalitchi wansembe akangotchula bodza, iwo ankazolika ngati watchula dzina lawo. Chikumbumtima chinafika povuta mnzake wa Tisungane, Redson, atabwerako ku Jeremani n'kuyamba kuika mipope yoyendera dzuwa m'madimba. Alimi ankamulimbirana, pamene Tisungane, amene ankamuposa m'kalasi, ankangomugwirira makwerero.

Tsiku lina mphunzitsi wa Tisungane, bambo Yoramu, anawapeza pamsika.

"Mayi, mwayi uja wabweranso, ndipo kwa Tisungane ndi womaliza poti akumaliza maphunziro chaka chino. Koma wakana kulembetsa. Akuti thanzi lanu silodalirika."

Mayiwo anafunsa: "Nanga akakatchona, aphunzitsi? Pakhomo panga msewu unadya kale anthu awiri."

"Mantha anuwo ndikuwamva," anayankha bambo Yoramu. "Koma uwu si ulendo wongodzipitira. Makoleji awiriwa akudziwa kumene akagone, zimene akaphunzire ndi nthawi yobwerera. Akukatenga luso loti adzaligwiritse ntchito konkuno, monga mwaonera Redson. Za mumtima mwa munthu sindingalumbire. Chomwe ndikudziwa n'choti mukamutsekereza, mudzakhala naye pakhomo, koma tsogolo lake mudzakhala mutalikwirira."

Masana omwewo mayiwo anafungatira dengu n'kubwerera kunyumba. Anapeza Tisungane pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi. Anakhala pansi pafupi naye.

"Mwana wanga, ndinakulakwira. Chaka chatha chija sindinadwale ayi. Ndinanamizira kuti usapite."

Tisungane sanadzidzimuke n'komwe. "Ndinkadziwa, amayi. Wokuthowani ndinali ine. Thupi lanu silinatenthepo."

"Mayo ine! Nanga unatsaliranji?"

"Matendawo anali abodza, koma mantha anu anali enieni. Ndikanakusiyani nawo bwanji?"

Apo misozi inangoti chuu. Iwo ankayesa kuti anamupusitsa mwana, chonsecho mwanayo ankawasenza mwakachetechete chaka chonse. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, namugwira dzanja.

"Mawa ukwere galimoto yoyamba, ukalembetse. Ndipo ukamadzapita ku mayesowo, ngakhale adzakuimbire foni kuti amako agona pamphasa, usadzatsike."

Phunziro: Makolo, tisamange ana athu ndi zipsera za maulendo akale. Mwayi wokaphunzira luso kunja ukabwera kudzera kusukulu yodziwika, tifunse aphunzitsi zonse zimene zikutidetsa nkhawa, kenako timulole mwana apite.