Pampu Yachiwiri Ikukonzedwa

Pampu yachiwiri inalibe vuto lililonse. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa amene anaidwalitsa ndine, ndi chala changa chomwechi.

Ndimagwira ntchito pa ofesi ya gulu la alimi kufupi ndi Chimbiya. Tili ndi mapampu atatu a petulo amene timabwereketsa anthu a madimba nthawi ya chilimwe. Mlimi amasungitsa tsiku pa foni yake, dzina limatulukira pa tabuleti yanga, kenako amuna anga, a Dominiko, amamangirira pampu pa njinga yamoto, kukathirira dimbalo, n'kubwera nayo. Akawonongeka mapampuwo wokonza ndi iwo omwewo. Mu pulogalamuyo muli pena pamene ndimadina pampu ikafuna kukonzedwa, ndipo imatsekeka masiku amene ndasankha, munthu sangaisungitse.

Nsanje ndili nayo, sindikana, ndipo woiputa anali Nomsa. Ameneyu amuna ake anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo, n'kungoti zii mpaka lero. Kumudzi kwathu ngakhale nkhuku zimadziwa kuti a Dominiko asanandifunsire ine anayamba agogoda kwa iyeyo. Ndiye Lachiwiri lililonse dzina lake mbee pa tabuleti panga: Nomsa, mbatata ya kachewere, maola awiri. Maola awiri! Pobwera kumeneko abambo akunyumba ankaimba mluzu. Kwa a Rafaelo ankapitanso kukathirira kabichi, koma mluzu wa kwa a Rafaelo sindinaumvepo.

Lolemba lina mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, ndinaona kuti pampu yoyamba ndi yachitatu zadzaza mpaka kutha kwa mwezi. Yachiwiri yokha inali ndi mpata mawa lake, ndipo Nomsa anali asanasungitse. Mtima unandiuza kuti, Dorika, mwayi sudziwika. Ndinadina. Tsiku la Lachiwiri linasanduka lotuwa, pansi pake palembedwa kuti ikukonzedwa. Ndinati likadutsa tsikulo nditsegula, basi, sabata imodzi yokha ndipumeko mluzu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti ukatseka pampu, pulogalamu imatumiza yokha uthenga pa foni ya makaniko. Pasanathe ola a Dominiko analowa, sipanala ili m'manja.

"Amake Tadala, yatani yachiwiriyi? Dzana imalira bwinobwino."

"Wina anadandaula kuti ikutsokomola," ndinatero, maso ali pa tabuleti.

"Ndani?"

"Aa, anthu ndi ambiri, ndingakumbuke onse ine?"

Anandiyang'ana pang'ono, n'kutuluka. Anayala thumba pakhonde, nayamba kuimasula pampu yopanda tchimo ija chitsulo chimodzichimodzi. Ndinafuna kufuula kuti siyani, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula. Pofika madzulo anabwera ndi kampira kotseka madzi kali kong'ambika pakati. Kanang'ambika pomasula, ndipo kena kanayenera kuitanitsidwa ku Lilongwe. Tsopano pampu inadwala zenizeni, ndipo ndinaitseka masabata awiri ndi chala chomwe chija.

Alimi ena amene anasungitsa yachiwiri anadandaula, koma ali ndi amuna, ana ndi akamwini, anatola ndowa n'kumathirira okha. Nomsa alibe munthu.

"Kachewere wake ali pa maluwa," anatero a Dominiko tikudya. "Akaphonya madzi panopa watha. Kampira ndang'amba ndine, ndiye ndikathandize ndi ndowa."

Mmawa mwake ananyamula ndowa zanga ziwiri, zanga ine, n'kutsetsereka kudambo. Dimba limene pampu imamaliza maola awiri, anthu awiri a ndowa amalithera tsiku lonse, ndipo nthaka ya mwezi umenewo imamwa ngati mlendo wa pa ukwati. Lachitatu anapuma, Lachinayi anapitanso, Loweruka chimodzimodzi. Paja kwathu munthu wokuthandiza ntchito ya m'dimba sabwerera ndi njala, mwini dimba amamuphikira. Ndiye madzulo ine ndaphika, ndapakula, iwo n'kungoti, "Pepani, ndadya kale futali." Zinandiwawa. Ndinkakhala pa ofesi tsiku lonse kuyang'ana masiku otuwa aja, mtima ukuwira, wondilakwira ndikumusowa.

Lachinayi la sabata yachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinakhoma ofesi, ndinatsanulira thobwa m'chigubu kuti ndioneke ngati mkazi wachifundo, ulendo wa kudambo. Ndinawaona ndili patali. Ankayenda motsogozana kuchokera kumtsinje, ndowa m'manja, mapazi ali matope okhaokha, akuseka nkhani imene ine sindidzaimva. Kachewere anali wobiriwira mochititsa kaso. Nomsa anali atavala chipewa cha amuna anga.

Atandiona anatula ndowa, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse. "Amake Tadala, Mulungu akudalitseni. Akazi ena sakanalola."

Ndinaseka ndi mano okha. Iye anamwa thobwa, anathokoza, n'kubwerera kumtsinje. Nditatsala ndi a Dominiko, mawu anatuluka okha.

"Abambo a Tadala, pampu ija inalibe vuto. Palibe anadandaula. Ndinatseka ndine."

Sanadabwe. Anapukuta thukuta ndi mkono, akuyang'ana mizere ya kachewere.

"Ndinadziwa nditangoitsegula. Pampu yotsokomola ndimaidziwa, ndipo inunso ndimakudziwani."

"Ndiye ndikhululukireni. Kampira kaja kakangofika, ikani, izi zithe."

"Kanafika Lolemba," anatero, akugwira thumba la malaya awo. "Ndikaika ndikapeza mpata."

Anawerama, ananyamula ndowa zonse ziwiri, n'kutsata Nomsa kumtsinje.