Usabwere Kuno, Velonika

1

Basi ya kuno imabwerera pomwe unakwerera. Ndinayesa ndekha Lamlungu langa loyamba. Ndinakwera pageti pa fakitale, ndinakhala kuwindo, nyanja kumanzere, nyanja kumanzere, nyanja kumanzerebe, ndipo patatha maola atatu kondakitala anandigwira paphewa kuti nditsike. Geti lomwe lija.

Ndine Edina wa ku Mkanda, ku Mchinji. Kwathu ndinkati ndikapsa mtima ndimakwera njinga n'kukadyera nkhomaliro ku Zambia. Chino n'chaka chachitatu ndili pachilumba, pakati pa nyanja yamchere, kuchotsa minga m'nsomba zoika m'zitini. Ukapsa mtima kuno umangozungulira.

2

Uthenga wa mawu pafoni, Lolemba m'mawa. Akuyankhula ndi Velonika, mng'ono wanga.

Achemwali, mwadzuka bwanji? Ine ndaganiza. Makina aja ndigulitsa, ndilipire ajenti, ndibwere komweko. Mungondiuza ziwiri zokha. Ntchito ikupezeka? Zinthu n'zodula bwanji?

Makina akunenawo ndi osokera, a malemu bambo athu. Velonika amakhala nawo pakhonde la golosale ku Mkanda, ndipo mayunifolomu a sukulu ziwiri amadutsa m'manja mwake. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Alibe china padziko lino koma makinawo, ndipo ndi omwewo amadyetsa amayi mwezi umene ine ndachedwa kutumiza.

3

Usabwere.

4

Wafunsa za ntchito, Velo. Nazi:

kuchotsa minga m'nsomba, utaimirira;
kukolopa pomwe pagwera mingayo, utawerama;
kuchapa nsalu za m'mahotela m'chipinda chopanda windo;
kuyala mabedi a alendo obwera kudzawotha dzuwa, ngati umadziwa Chifalansa, ndipo iwe ngakhale moni wake sumudziwa;
kusoka, kulibe. Zovala za kuno zimabwera zosokasoka, zikang'ambika amataya.

Ntchito ilipo, sindikunamiza. Imakupeza usanaifune, ndipo ikakugwira sikusiya.

5

Mitengo ndikuuza m'maola a kuimirira, chifukwa ndalama za kuno ukazitembenuza m'makwacha zimanama.

Tomato atatu: theka la ola.
Mazira anayi: ola.
Kamtolo ka bonongwe, yemwe uja timazula n'kutayira kuseri kwa khola: ola ndi theka. Amamukulunga mupulasitiki ngati mphatso.
Madzi akumwa a sabata imodzi: m'mawa wonse wa Lachiwiri.
Bedi yapamwamba m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu: masiku asanu ndi anayi pamwezi.
Tikiti yobwerera kwathu: miyezi isanu, usakudya.

Chilichonse chimabwera pasitima, ngakhale tsache. Sitima ikachedwa, dzira limakwera mtengo lili m'manja mwako.

6

Amalume athu a Kambalame anali kalaliki ku msika wa fodya, ndipo anapuma pantchito ndi kalikuleta yawo. Uthenga wanga anaumvera pakhonde, banja lonse litazungulira foni. Akuti anangofunsa chimodzi: kodi amalandira zingati? Atauzidwa anachulukitsa m'makwacha, anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuchulukitsanso.

Amalume amadziwa kuchulukitsa. Kuchotsera anasiyira ku msika wa fodya.

Chigamulo chawo anandiuza ndi Velonika yemwe, uku akuseka. Akuti mwana uyu wakhuta, akufuna azidya yekha. Akuti ndi kaduka.

7

Mwana wokhuta uja amadzuka ndi belu, amavala mabuti oyera ndi kansalu kobisa tsitsi, amaima pamzere wa akazi makumi anayi pomwe nsomba zophika zimabwera zikufuka nthunzi, zazikulu ngati mwana wa mbuzi, amatenga kampeni, amapala khungu, amazula minga, amapatula nyama yakuda ndi yoyera, yakuda ndi ya amphaka a kunja yoyera ndi ya eni amphakawo, sayang'ana kumbuyo chifukwa kumbuyo kuli kapitawo ndi sikelo, sakanda mphuno, sapita kuchimbudzi belu lisanalire, mchere umalowa m'magolovesi n'kukapeza ming'alu ya dzulo, miyendo imayamba kuyaka kenako imaleka kumveka, ndipo akaweruka amasamba kawiri ndi sopo wochapira koma mubasi ana a eni dziko amagwirabe mphuno zawo, iye amayang'ana kuwindo ngati sakuona, nyanja kumanzere, nyanja kumanzere

8

Ndinati poti mawu sakuwamva, mwina maso awathandiza. Ndinatumiza zithunzi zitatu.

Choyamba: mapazi anga otupa, nditangovula mabuti. Anayankha ndi amayi. Akuti kodi pansipo ndi matailosi? Mwana wanga akuponda pamatailosi.

Chachiwiri: tomato atatu ndi pepala la mtengo wake. Anayankha ndi amalume. Akuti dziko limene tomato amagulidwa chonchi, anthu ake ndalama amachita kusesa.

Chachitatu: chipinda chathu, mabedi osanjikizana, zovala zamkati zoyanikidwa pachingwe pamwamba pa mitu yathu, mphika wamagetsi umodzi wa anthu tonse. Velonika anachiyang'anitsitsa bwino chithunzicho, mwana wa telala saphonya ulusi. Achemwali, bedi imodzi ilibe munthu.

Ndinalira ndi ukali. Ndinaponya foni pabedi yomweyo.

9

Abiti Juma ndi mayi wa ku Mangochi, amagona pabedi ya pansi pa yanga, ndipo ali kuno chaka chachisanu ndi chimodzi. Anandipeza pampopi ndikuchapa yunifolomu ngati yandilakwira. Ndinawafotokozera zonse. Sanadabwe. Anati kwathu konse n'chimodzimodzi: amene wapita kunja akati kuno n'kovuta, abale amamva kuti kuno n'kokoma. Ukalira amati ukubisa, ukaseka amati ukudzitama, ukakhala chete amati ndalama zakutseka pakamwa.

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, anatero Abiti Juma. Imufotere yekha.

Ndinati nyanga yakeyo ndi makina a bambo anga.

Anandiyang'ana. Kwanuko kulibe wina amene anafikako kuno, woti akamuuze maso ndi maso?

Alipo, ndinatero.

Ndiye vuto n'chiyani?

Ndinatsegula mpopi kwambiri kuti madzi asokose.

10

Usabwere. Usabwere. Ndakuuza m'mawa, ndakuuza pankhomaliro nditabisala kuseri kwa mabokosi, ndakuuza mofatsa, ndakuuza mokalipa, ndakuuza nditatchula malemu bambo. Iwe umandiyankha ndi kankhope koseka.

11

Lamlungu masana anaimba amayi. Amayi saimba okha, ndiye ndinadziwa kuti amalume ali pafupi. Anayamba ndi mvula, nkhuku zofa ndi chitopa, denga la khitchini. Kenako mawu awo anatsika.

Edina, ndinakubereka ndine, ndi Velonikanso ndine. Bere lake ndi limodzi. Chibale ndi fupa, sichiola. Iwe watuluka mu umphawi, bwanji ukumukaniza mng'ono wako njira?

Ndinati amayi, sindinatuluke, ndinangosintha chipinda.

Anati anthu kutchalitchi ayamba kundinena. Anati iwo akuyenda mozyolika chifukwa cha mwana wodya yekha. Anati ngati kuli kovuta chotero, bwanji osangobwerako?

Funso lake linali labwino.

12

Yankho lake nali, ngakhale amayi sindinawapatse.

Pasipoti yanga ili muofesi, m'kabati yachitsulo. Akuti kuno kuli chinyontho, ingachite nkhungu m'chipinda chathu. Ndinasaina zaka ziwiri, zitatha ndinalibe tikiti, ndinasainanso ziwiri. Munthu akachoka pakati pa mgwirizano amadzilipirira yekha ndege. Ndipo ndikabwerera ndi chikwama chomwe ndinapita nacho, ndikatsikira pati ku Mkanda? Anthu onse aja anandiperekeza ndi nthungululu.

Manyazi nawo ndi nyanja. Basi ya kuno imabwerera pomwe unakwerera.

13

Ndinayesa nzeru yomaliza, ndipo inali yopusa kuposa zonse. Ndinadya mpunga wopanda ndiwo milungu isanu ndi umodzi, ndinatumiza zomwe ndinasunga, ndinati Velo, gula makina achiwiri omangira m'mphepete mwa nsalu, ulembe mtsikana wokuthandiza, ukhale bwana kwanu komweko.

Amalume anatulutsa kalikuleta. Akuti taonani, munthu wovutika angatumize zotere mwezi umodzi?

Ndalamazo zinakwaniritsa za ajenti. Tikiti ya mng'ono wanga ndinamalizitsa ndine, ndi njala yanga.

14

Uthenga wa mawu, Lachisanu.

Achemwali, makina apita. Wagula ndi telala wa ku Kamwendo, anabwera ndi ngolo. Amayi analira pang'ono koma ndawauza kuti ndidzagula atatu amagetsi. Ndikufika Lachinayi, ndege ya masana. Musakwiye. Ndikudziwa kuti pansi pa mtima mukusangalala. Ndikubweretsereni chiyani?

Ndinamvera kanayi. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka msika wa ku Mkanda, wina akuitanira chimanga chootcha, koma phokoso la makina panalibe.

15

Ife a m'chipinda muno tili ndi malamulo athu olandirira mlendo.

Tsiku loyamba sitimuuza kanthu.
Timamupatsa mpunga wambiri, ndi dzira.
Timamuonetsa pobisa foni ndi poyanika mabuti.
Akati fungo ili n'lachiyani, timati uzolowera.
Akafuna kukwera basi Lamlungu, timamusiya akwere.
Akabwerako sitimufunsa kuti wafika kuti.
Palibe amene amaloledwa kunena kuti ndinakuuza.

Lamulo lomalizali sindinalipange ndine. Ndinalipeza.

16

Lachinayi. Ndapempha theka la tsiku, ndili pabenchi pabwalo la ndege, ndipo nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ndi iyi.

Zaka zitatu zapitazo kuno kunali achemwali athu a Felesita, mwana wa amayi aakulu. Ndinawafunsa mafunso awiri omwewa, ntchito ndi mitengo. Ananditumizira uthenga wautali: tomato, minga, mabedi osanjikizana, pasipoti m'kabati. Anati Edina, usabwere. Ine ndinaitana banja lonse pakhonde, ndinaika foni pampando, ndinakweza mawu. Amalume poyamba anachita mantha, anati mwana wathu akuvutika, timubweze. Amayi anagwira pakamwa.

Amene anaseka ndine. Amene anawapatsa amalume kalikuleta m'manja ndine. Mawu oti kaduka anatuluka m'kamwa mwanga, pakhomo pathu anali asanamvekepo. Velonika anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atakhala pansi pafupi ndi miyendo yanga, akuphunzira kwa mkulu wake mmene munthu amamvera chenjezo.

A Felesita anadzandichingamira pabenchi yomwe ino. Anandinyamulira chikwama osanena kanthu. Chaka chotsatira anabwerera kwathu ndi miyendo yotupa, ndipo pano amagulitsa makala kuseri kwa golosale yomwe ija, mapazi makumi awiri kuchokera pomwe panali makina. Pakhomo pathu sawapatsa moni. Velonika wakhala akuwadutsa m'mawa uliwonse atatembenuza nkhope, chifukwa ndi mfiti ya kaduka imene inafuna kumutsekera njira mkulu wake.

Mauthenga onse aja ndinatumiza, zithunzi, misozi, njala ya milungu isanu ndi umodzi. Umodzi wokha ndi umene ukanagwira ntchito, wa mawu anayi: a Felesita ananena zoona. Ndinkatsegula pakamwa, manyazi n'kunditseka. Ndinalolera kuti makina a bambo akwere ngolo kusiyana n'kuti ndivomere pakhonde paja kuti ndinalakwa.

Nambala yawo ndikadali nayo. Ndadina, ndayankhula. Achemwali, ndine Edina. Munanena zoona. Ndikhululukireni.

Ayankha nthawi yomweyo, ngati akhala akudikira zaka zitatu foni ili m'manja. Kumbuyo kukumveka msika.

Ndamva, mng'ono wanga. Wafika mwanayo?

Ndati ayi, ndege ikutera kumene.

Umunyamulire chikwama, atero. Usamuuze kanthu lero.