Kasiyamaliro wa Dongo

"Mwanditayitsa mwana ndinu, aphunzitsi. Musayang'ane pansi, yang'anani ine."

Ndapeza anaima pakhomo pa sukulu ya udzu, matope a kudimba adakali m'miyendo. Ana amene ankakuwa zilembo anangoti zii. Mphunzitsi Rafaelo anatsitsa sileti pang'onopang'ono.

"Amake Dziwani, tiyeni tikakambire kuseri."

"Munamuyamikira pamaso pa anawa. Tikamba pamaso pa anawa."

Dziwani anali mwana yekhayo amene nthenda zinamusiyira mayiyu. Chaka chimene sukulu ya mishoni inafika m'mudzi mwawo kufupi ndi Kabwazi, mnyamatayo anatha zilembo zonse anzake akadali kulimbana ndi mzere woyamba. Rafaelo anamusankha pamodzi ndi ana ena akuthwa mutu kuti azitsala ena akaweruka. Ankawapatsa masamu ovuta, nyimbo za Chilatini ndi nkhani za m'Buku Loyera. Wansembe wachizungu anali atalonjeza kuti wopambana mwa iwo adzamutenga akaphunzire kumishoni. Aliyense ankadziwa kuti ndi Dziwani.

Sabata lathalo Rafaelo anawasimbira za chombo cha Nowa, n'kuwatuma kudambo kukakumba dongo kuti aliyense aumbe nyama imene akuidziwa bwino. Ena anaumba mbuzi, wina fisi. Dziwani anaumba kasiyamaliro, chilombo cha Nyau cha nyanga chimene chimatuluka pamaliro. Anali atachiona kamodzi kokha, atabisala kumbuyo kwa amake, koma diso lake silinkaphonya kanthu. Kunsi kwa chilombocho anaumbako miyendo ya anthu, ndi zala zomwe.

Rafaelo anali Mngoni wochokera kutali, kosavina gule. Anaona luso basi. Ananyamula chidolecho, nachiyanika pamwala wa m'mbali mwa njira ya kuchitsime, kumene amayi onse a m'mudzi ankadutsa.

Amayiwo anaphimba nkhope, ena mitsuko inawagwa. Mawa lake wansembe anafika pa bulu wake, nachiyang'ana, nanena kuti mwana wodziwa za Nyau chotere sangaponde kumishoni. Ndipo m'mawa uno amuna a gule anabwera kudzamutenga Dziwani kupita naye kudambwe, kumalo awo obisika, poti waulula chosaulula. Amene anawatsogolera anali Zilole, mlongo wake wa Ndapeza, mwini mbumba.

"Ine ndinawauza kuti aumbe nyama," anatero Rafaelo. "Sindinadziwe kuti..."

"Simunadziwe. Mumadziwa Chilatini, mumadziwa za Nowa amene sitinamuone, koma za mudzi umene mukudyamo simunafunse. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanu kameta mwana wanga mpaka magazi."

"Chabwino, ndiuzeni inuyo. Pa chidole chija cholakwika kwenikweni n'chiyani?"

Ndapeza ankalidziwa yankho lake. Anali atachiona chidolecho, ndi miyendo yoonetsa kuti m'chilombo mumakhala anthu. Koma iye anali mkazi, ndipo mkazi satchula zimenezo, ngakhale azidziwe kuyambira ali namwali. Ana aakazi anali apo, makutu tcheru.

"Mukufuna anditengenso ine?" anatero motsitsa mawu.

Rafaelo anapukuta manja pa malaya ake. "Atsibweni ake sangamuphe. Adzamulanga, adzamulowetsa gule, adzabwera."

"Mwaliona thupi lake lija? Nthiti zokhazokha. Kuzizira kwa mwezi uno inu mumafunda bulangete la kumishoni, iye amutenga ndi kansanza. Ndinawagwira miyendo alongo anga, akuti, 'Unamupereka kwa azungu osandifunsa, lero abwerera kwa eni ake.' Ndani anadza kunyumba kwanga kudzandinyengerera kuti mwanayu azitsala masana? Mbuzi zinkadya m'munda mwa eni, ine kupepesa, ati Dziwani ali pa masamu."

"Ndinkamufunira zabwino."

"Ndiye zabwinozo zimalizeni. Pitani kwa Abambo anuwo, ansembe aja, mukawauze kuti mwana sanalowe gule, anangoona. Mukawauze kuti anayanika panjira ndinu."

Rafaelo anayang'ana ana ake a sukulu, kenako denga. "Ndikanena choncho andichotsa ntchito. Ndiponso pofika mawa adzakhala atalowadi. Lamulo la Abambo ndi lakuti wolowa gule salowa m'sukulu."

Kamtsikana kena kamene kankatsala limodzi ndi Dziwani kanayamba kulira chamumtima. Panalibe anakatonthoza.

Ndapeza analowa m'kati, naima pafupi kwambiri moti mphunzitsiyo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chipupa.

"Uko akumukwapula chifukwa anaona. Kuno mwamutaya chifukwa anaumba zimene munamutuma. Ine sindichoka. Akatuluka kudambweko ali moyo, n'kubwera kudzaima pakhomo apa, mumulowetsa kapena mumubweza? Ndiyankheni, aphunzitsi. Anawa akumva."