Mgolo wa Bambo Pakhonde

Achimwene ake a Mzime anali atapinda manja a malaya, mutu uli mumgolo, burashi ikulira, pamene Mzime anatuluka pakhonde ndi mapilo a malemu bambo ake kuti awayanike.

"Mukutani?"

"Ndikusambitsa nkhumba," anayankha achimwene, mawu akumveka ngati a munthu amene wagwera m'chitsime. "Zoona munkakhala ndi chinthu chonyansa chonchi pakhomo? Anthu onse a pamaliro aja anachiona chimenechi?"

Chinthucho chinali mgolo wapulasitiki wodulidwa pakati. Bambo awo anauika pakona ya khonde atapuma ntchito yoyendetsa basi. Anaunjikamo miyala, anadzalamo kakombo m'chitini, naikamo kapampu kokankha madzi kuti azikwera m'kapaipi n'kumagwera pamwala. Munkakhala tinsomba tofiira tingapo, ndipo m'mbali monse munali mutamera ndere imene bambo sankalola munthu kuikhudza. Tsopano tinsombato tinali m'ndowa yokolopera, kakombo atagona pasimenti ngati chidakwa.

Pambali panali makatoni: pampu yatsopano, timiyala toyera ta m'sitolo ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Achimwene ndi munthu woti sangaone chinthu chikuyenda bwino osachikonza. Ngakhale pamaliro paja anatsala pang'ono kuuza anthu kuti azilira mwadongosolo.

"Mawa kukubwera munthu wodzajambula nyumba," anatero achimwene akudzuka, thukuta lili kamukamu. "Anthu a lendi masiku ano amayamba aona zithunzi pafoni. Khonde la kasupe limakopa anthu apamwamba."

Nkhani ndiye inali imeneyo. Maluwa a pamanda asanafote n'komwe, achimwene anali atagawa kale anthu ngati katundu wosamutsa: amayi apite kwa iwo, kuchipinda cha alendo; m'nyumba mulowe a lendi; Mzime, poti ndi munthu wamkulu, adzionere yekha. Koma khonde limenelo ndiye linali saluni ya Mzime. Mpando wake, galasi lake lopachika pamsomali ndi makasitomala ake, zonse zinali pomwepo moyandikana ndi mgolowo. Anabwerera pakhomopo bambo atayamba kudwala. Ndi iye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwapukuta, akamaliza n'kusamba m'manja kukapitiriza kuluka mutu wa munthu. Achimwene ankadwazika matenda pafoni.

"Bambo anandiuza kuti nyumbayi ndikhalemo ine," anatero Mzime.

"Inenso anandiuza kuti ndiione ine monga mwana woyamba."

"Kuiona mwaiona. Si iyi? Tsopano bwererani kwanu."

"Iwe, usandiyambe. Mankhwala ankagula ndani?"

"Nanga matewera ankachotsa ndani? Kapena nawonso munkawachotsa pafoni?"

Achimwene analowetsanso mutu mumgolo n'kuukwecha ngati ndiwo wawatukwana. Utawala, anadonthezamo mankhwala oyeretsera zovala, ati majeremusi afe, anatsukuluza kamodzi, kenako anakoka paipi kuchokera pampopi n'kuyamba kudzaza.

Mzime anaima, pilo ali m'manja. Ankadziwa. Bambo sankathiramo madzi ochokera pampopi pomwepo. Ankawatunga m'ndowa n'kuzisiya padzuwa mpaka fungo la mankhwala lithe, kenako n'kumathira pang'onopang'ono ngati akumwetsa khanda. Bambo atafooka, ndowazo ankanyamula ndi Mzime yemweyo. Mawu anafika pakhosi: achimwene, musatero. Anawameza.

Anaganiza za amayi. Chichitikireni malirowo amayi anali asananenepo chilichonse za nyumba. Ukawafunsa ankangoti, "Mmm," n'kupitiriza kupinda malaya a amuna awo. Koma tinsombato ankatidyetsa m'mawa uliwonse, akutitchula kuti ana a bambo anu. Mwana wawo woyamba wa tayiyo akatipha, mwina pakamwa pawo patseguka. Mzime anayanika pilo uja, naumenya mwamphamvu kuti fumbi lichoke.

"Mwakhoza, achimwene. Kwawala ngati kuhotela."

Achimwene anamwetulira ngati mwana amene aphunzitsi amuyamikira. Anayala timiyala toyera, analumikiza pampu, nakhuthulira tinsomba tija m'madzi atsopanowo. Kakombo anamutaya kuseri, ati akubisa magetsi.

M'mawa mwake Mzime ndiye anayamba kutuluka. Tinsomba tonse tinali titayandama chagada, timimba toyera tili m'mwamba. Timagetsi tinkasinthabe mitundu pansi pake, kufiira, kubiriwira, kufiiranso, ngati kuli phwando. Kamodzi, kamchira kong'ambika, kanali katakakamira pakamwa pa pampu. Kameneko kankadya m'zala za bambo. Usiku wonse Mzime anakonza mawu oti adzanene, koma izi zoti zimupweteka sanazikonzekere. Anapukuta m'maso ndi phewa, nakweza mawu.

"Amayi! Tabwerani mudzaone chitukuko!"

Amayi anatuluka atanyamula kachitini ka chakudya cha nsomba. Kumbuyo kwawo kunali achimwene, thovu lometera lili tsaya limodzi. Anasuzumira mumgolo, nakanda m'mutu.

"Zinali zokalamba kale izi."

"Zonse tsiku limodzi? Zinachita kupangana?"

"Basi, ndigula zina. M'tauni zilipo zambirimbiri, zokongola kuposa izi."

"Mukagulenso bambo ena komweko."

"Amayi, mukumumva mwana wanuyu?"

Amayi sanayang'ane aliyense. Anaika kachitini pansi, analowa kukhitchini, nabwera ndi sefa ya tiyi ndi mbale. Anayamba kuvuula tinsombato kamodzikamodzi, akutigoneka m'mbale mitu mbali imodzi. Kamchira kong'ambika kaja anachita kukachotsa ndi zala. Atatha anavindikira mbaleyo ndi kansalu, nakhala pampando wansungwi wa amuna awo, pafupi ndi mgolo, mbale ili pamiyendo.

Mzime anaona kuti nthawi yake ndi imeneyi. Anagwada pambali pa mpando.

"Amayi, mwaona? Umu ndi mmene achitire ndi nyumba yonseyi. Aikwecha mpaka musatsale kafungo ka bambo. Nenani, amayi. Munalipo tsiku lija bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti usadzachoke pano."

"Munaliponso atandiuza ine kuchipatala kuja," anatero achimwene, thovu likudonthera pakolala.

"Ndinalipo konseko," anatero amayi.

"Ndiye?"

"Bambo anu sankakaniza munthu. Iwe anakuuza kuti inde, uyunso anamuuza kuti inde. Azakhali anu anawalonjeza chipinda chapakati. Wogulitsa makala anamulonjeza njinga, yomwe anali atalonjeza kale mlonda wa patsidyapo."

Achimwene anaseka kamodzi ndi mphuno. Mzime sanaseke.

"Ndiye nenani inuyo. Nyumba ndi yanu. Mukangoti mwanayu akhale, achimwene sangatsutse. Munthu wapha nsomba za bambo ameneyu!"

Apa ndi pamene amayi anamuyang'ana, koyamba m'mawa umenewo. Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino.

"Ndowa zija unkanyamula ndi iwe," anatero motsitsa mawu. "Dzulo unali pompano. Ndimakuona pawindo."

Maondo a Mzime anayamba kumva kuzizira kwa simenti.

"Ndowa zanji?" anafunsa achimwene. Kenako nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono, ngati timagetsi tawo tija. "Iwe! Unkadziwa? Unangondiyang'ana ndikuthira, n'kumati kwawala ngati kuhotela?"

"Munandifunsa? Inu mumafunsa munthu?"

"Ndi mtima umenewu ukufuna ndikusiyire amayi?"

"Amayi ndawasunga ine inu muli kumisonkhano!"

Kugeti galimoto inaliza hutala. Wojambula anali atafika. Achimwene anapukuta thovu ndi dzanja, natulutsa makiyi m'thumba, koma sanasunthe. Onse awiri anatembenukira kwa amayi, akulankhula nthawi imodzi, wina amayi nenani, wina amayi auzeni. Mzime ankadziwa bwino malamulo a pakhomopo: amayi akakhala chete, chete ameneyo amakhala wa achimwene.

Amayi anagwira mbale ndi dzanja limodzi kuti isagwe. Anawerama, napisa dzanja linalo m'madzi, akufufuza pamutu pa pampu mpaka anapeza kopotokola. Anakapotokola mpaka kumapeto. Madzi anatumphuka, nayamba kugwa pamiyala ndi phokoso ngati mvula padenga lamalata. Amayi anatsamira pampando, anapendeketsa mutu kumgolo, natsinzina.

Mzime anasiya kulankhula mawu ali pakati. Kakhalidwe kameneko ankakadziwa. Mutu umenewo, maso otsinzinawo, dzanja lonyowa lili lende pambali pa mpando. Bambo ankatero nthawi zonse mawu akayamba kukwera m'nyumba, ndipo ana ankangoti mdalayu amakonda madzi ake.

Pampu ya achimwene inali yamphamvudi. Hutala italiranso, inangomveka patali.

Achimwene anapita kukatsegula geti. Mzime anadzuka, anapukuta maondo, nakachotsa galasi lake pamsomali.