Zala Zitatu za Wamawaya

"Miyezi inayi," anatero Mayi Sinditsitsa ataima pakhomo pa shopu ya Wamawaya. "Miyezi inayi wailesi yanga ikudya fumbi pashelefu yakoyo. Kodi unaikwatira?"

Wamawaya, bambo wokonza mafoni ndi mawailesi, sanadzutse mutu. Anali ndi kachitsulo kowotchera m'manja, utsi ukukwera pambali pa mphuno yake. "Sipeya sanabwere, mayi. Sabata yamawa."

"Sabata yamawa yakoyo ili ndi ana ndi zidzukulu. Ika pansi icho, taona kuno."

Apo m'pamene anaona kuti mayiwo anyamula laputopu yotsegula, manja onse awiri ali pansi pake, ngati thireyi ya mazira.

Dzina la Sinditsitsa analipeza pamsika, pomwe anagulitsa nsapato zaka makumi awiri osachotserapo munthu mtengo, ngakhale wachibale. Sukulu anailekeza kalasi yachitatu. Manambala ankawadziwa, koma zilembo zikachulukana zinkangowaonekera ngati nyerere zagwera m'shuga. Laputopuyo inali ya mzime wawo, mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro a unamwino. Kwa masiku atatu mwanayo anakhala akudzaza fomu yofunsira ntchito kuchipatala china chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. M'mawa umenewo, popita kukadinditsa mapepala ake, anati: "Amayi, chonde musakhudze. Masamba onsewa ndawasiya otsegula dala. Asiya kulandira folo koloko."

Iwo sanakhudze. Anangopukuta tebulo. Kansalu kanadutsa pamabatani, kabokosi kena kanatulukira pagalasi kakufunsa zachizungu, ndipo iwo anakadina kuti kachoke. Kanachokadi, pamodzi ndi zonse. Panangotsala chithunzi cha phiri.

Anakhala pampando, kansalu kali m'manja. Madzi akatayika saoleka, anatero mumtima. Koma pansi pa ganizo limenelo panali lina laling'ono, lofunda ngati mphaka wogona pamapazi: fomu ikapanda kupita, mwananso sapita. Ana atatu anachoka kale, aliyense ndi chikwama chake ndi lonjezo lake loimba foni Lamlungu. Nanga ndani akanawanena mayiwo? Ngozi ndi ngozi. Wotchi ya pakhoma inali pa wani koloko. Anaiyang'ana mpaka mphindi makumi awiri zinadutsa. Kenako anatsonya, n'kuvala nsapato.

"Zonse zathawa," anauza Wamawaya tsopano. "Uzibweze."

Wamawaya anasuntha mawaya ndi mabatire akufa, n'kuika laputopuyo patebulo. Anaiyang'ana ndi nkhope ya dokotala. "Mmm. Izi n'zovuta, mayi. Mwina ifunika kuitsegula m'mimba. Muisiye, mubwere mawa."

"Kuti ikagone pashelefu ndi wailesi, zibereke ana? Iwe, ine ndakalambira pamsika. Munthu akayamba ndi 'mmm' ndimadziwa kuti akukonza mtengo. Konza pompano ndikuona."

Wamawaya anaseka mpaka kutsokomola. Analumikiza laputopuyo ku intaneti ya shopu yake, n'kutsegula pulogalamu yoonera masamba. Zala ziwiri zinapanikiza mabatani awiri a pakona yakumanzere, chachitatu chinagogoda chilembo T.

Zenera lonse linabwerera. Masamba anandandalika pamwamba, limodzi pambali pa linzake, ngati nkhunda pawaya.

"Basi?"

"Basi. Makinawa amakumbukira zomwe mwatseka, mayi. Zikakana apa, pali mndandanda wa konse komwe munthu wayenda."

"Ndiye m'mimba muja munali chiyani?"

"Munali chakudya changa chamasana."

Mayiwo sanaseke. Anaweramira pagalasi, maso atatsinzina pang'ono. "Werenga. Ndione ngati zakwana."

Wamawaya anadina tsamba loyamba. "Iyi ndi fomu. Mwayi wanu, zomwe analemba zilipo, kwangotsala poika mapepala. Ili ndi la nthawi yonyamukira mabasi. Ili, chipinda cha lendi pafupi ndi chipatala, chopanda zenera koma madzi alipo. Ili..." Anakanda chibwano. "Nsapato zoyera za anamwino. Akufunsa mitengo."

"Nsapato?" Mayi Sinditsitsa anawongoka. "Akufuna kukagula nsapato kwa anthu ena, ine ndili moyo?"

"Mwina amaopa kuti simumutsitsira."

"Sayizi yanji?"

"Faifi."

"Wanama. Amavala sikisi. Faifi imupweteka chala chaching'ono, ndipo ntchito yawoyo ndi yoimirira." Anayang'ana chithunzi cha nsapatozo. "Tseka limodzi."

"Nditseke?"

"Tseka, undionetse. Sindikufuna kudzabweranso kuno kudzakupempha."

Wamawaya anatseka tsamba la mabasi. Anagwira zala za mayiwo, zouma ndi polishi wa zaka zambiri, n'kuziika pamabatani. Ulendo woyamba anagogoda chilembo cholakwika. Wachiwiri, tsamba la mabasi linatulukira pamalo pake. Iwo analiyang'ana. Manambala okha ndiwo anawawerenga: basi yoyamba, sikisi koloko m'mawa.

"Ndiye mukumulola apite?" anafunsa Wamawaya. "Kutalitu kumeneku."

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo si nkhani yako."

Analowetsa manja pansi pa laputopu ija n'kuinyamula. Wotchi ya m'shopu inali itangodutsa thu koloko. Kunyumba, mwana ayenera kuti anali asanabwere. Tebulo linali kudikira, lopukutidwa bwino.

"Mayi," anatero Wamawaya ali kumbuyo kwawo, "ndakupulumutsanitu lero. Ndiye za wailesi tingoti zathera pompa? Kunena zoona, inapsa kwambiri. Mwana wanu akayamba kulandira, adzakugulirani yatsopano."

Mayi Sinditsitsa anaima pakhomo, osatembenuka.

"Zala zitatu zokha, ufune kulipira nazo miyezi inayi? Ayi. Wailesi yanga ndikuifuna Lachisanu, ikulankhula."

"Mwakhala miyezi yonseyi popanda wailesi. Changu n'cha chiyani?"

"M'nyumba munali wolankhula," anatero.

Anatsika masitepe awiri a shopu mosamala, n'kulowa mumsewu. Njinga zinkawalambalala, wina anawaimbira belu, koma iwo sanafulumire ndipo sanayang'ane kumbali. Maso awo anali pamasamba aja, kuti lisagwepo ngakhale limodzi.