Maola Asanu ndi Limodzi a Madzi

Madzi anali adakali m'kamwa mwanga pamene achemwali Chín, oyandikana nane munda, anakuwa ali kutsidya kwa ngalande.

"Meza kapena lavula, Sáu! Tiima pano mpaka dzuwa lilowe?"

Ndinapitiriza kulawa. Munthu ukamalawa madzi suthamanga. Umawazunguza pa lilime, kuwafikitsa pafupi ndi kukhosi, kenako n'kudikira ngati kutsale kena kake. Ndinalavula, ndinatapanso ena ndili chogwada pa thabwa, mpaka katatu.

"Ndi abwino," ndinatero. "Lizani mainjini opopera."

"Walumbira?"

"Zaka makumi anayi ndikulawira mudzi uno madzi. Ndi liti ndinakuphetsani mtengo?"

Ba Kiệt, yemwe ankayang'anira geti lotsekera madzi a mumtsinje, anali ataviika kachipangizo kake koyezera mchere. Anakayang'ana n'kuseka. "Nakonso kakuvomereza, amalume. Koma maola ndi asanu ndi limodzi basi. Ikamakwana thuu koloko ndisamve injini ikulira, apo ayi ndidzainyamula ndekha."

"Udzainyamula ndi msana uti?" anatero achemwali Chín, ndipo anthu anabalalika akuseka, aliyense kuthamangira kumunda kwake.

Chaka chimenecho chimkuzamawu cha pa mtengo wa magetsi chinayamba kutisokosera tisanafike n'komwe pa Teti, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano. Chinkati kumtunda mvula inagwa yochepa, mtsinje watsika, ndipo madzi a m'nyanja adzalowa kutali kuposa zaka zonse. Zinachitikadi. Geti analitseka, ndipo madzi otsalira m'ngalande anati ndi a m'tauni: akumwa, a kuchipatala, a kusukulu. Ife a minda anatipatsa tsiku limodzi pa masiku khumi ndi asanu alionse. Ine sindikutsutsa ayi, munthu ndi munthu, mtengo ndi mtengo. Koma amene sanadzalepo mtengo wa zipatso wa duliyani sangamve ululu wake. Mtengo umenewu ndi wamanyado kwabasi. Ludzu suulifuna, mchere ndiye usaulawitse n'komwe.

Ndinali nayo makumi atatu ndi inayi. Tinaidzala ndi mkazi wanga Thắm zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, iye akugwira mbande, ine ndikukwirira. Kenako mwana wathu Khoa ndi mkazi wake anapeza ntchito ku fakitale ya nsapato ku Bình Dương, ndipo Thắm anapita kukawalerera ana. Anati miyezi itatu. Zinakwana zaka zitatu.

"Mitengo ikadzabereka zenizeni ndibwerera, bambo a Khoa," ankatero pa foni. "Khoa adzapeze wina womulerera. Koma ikakanika mudzabwera ndinu kuno. Simungamakalambire nokha kumeneko ngati chitsa."

Kupita ine? Kukakhala m'kachipinda kalendi kopanda zenera, anthu asanu ndi mmodzi kupumirana? Ndinapitako kamodzi, masiku anayi, ndipo usiku ndi usana sindinkazisiyanitsa. Choncho ndinatsala. Ndinkaphika mpunga kamodzi m'mawa n'kumadya womwewo tsiku lonse, ndili chiimire pakhomo, chifukwa kukhala pa tebulo wekha kumachititsa manyazi. Masiku ena pakamwa panga pankatuluka mawu pokhapokha ndikamakalipira agalu a eni. Ndinkamusowa Thắm koopsa, koma sindinamuuzepo.

Ndiye chaka cha chilala chimenechi, mwa zaka zonse, mitengo inamasula maluwa mbwee, nthambi iliyonse.

Dzulo lake la tsiku lopopa ndinali nditalowa m'ngalande, matope kufika m'chifuwa. Madzi anali atatsika kwambiri, ndipo ndinkaopa kuti anthu onse akaliza mainjini, paipi yanga idzayamba kukoka mpweya. Ndinailumikiza ndi ina, kumangirira mwala kumapeto kwake, n'kuimiza m'dzenje lakuya lomwe lili pafupi ndi geti. Ndinatuluka ndikudzitama mumtima kuti ena akamalira, Sáu Lượm adzakhala akupopa.

Achemwali Chín, omwe munda wawo wachita malire ndi wanga, mawondo anawakana kale. M'matope sangalowe. Paipi yawo anangoimangirira ku chigubu chopanda kanthu, n'kumayandama pamwamba.

"Imeneyo ndi paipi kapena bakha?" ndinawaseka.

"Bakha yemweyo adzandimwetsera mitengo. Ndilibe mwamuna woti azindilowera m'matope ine."

"Nanenso ndilibe mkazi wondichapira matopewo."

"Uli naye, koma anakuthawa kununkha."

M'mawa umenewo injini yanga inalira kukoka kamodzi kokha. Madzi anatuluka mwamphamvu, ndinawalozetsa m'timifuleni ta pakati pa mitengo, ndinatsegulanso timipopi towaza pa tsinde lililonse. Ndisanapukute n'komwe m'manja ndinamva achemwali akutukwana injini yawo, makolo ake ndi amene anaigulitsa. Ndinalumpha malire. Ndinaimasula, ndinaipukuta, ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Italira, panalibenso wowakokera mapaipi, ndiye ndinawakokera mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu. Kwanga ndinkangotchera khutu. Injini ikulira, ndiye kuti zonse zili bwino.

Masana anandipatsa khofi wa ayezi, tinakhala pamthunzi.

"Thắm abwera chaka chino," ndinatero. Sindikudziwa chimene chinandilankhulitsa.

"Wanena yekha?"

"Mitengo yanena."

Anandiyang'ana, koma ulendo uno sananditonze. "Ukonze denga la kukhitchini ndiye. Asadzapeze chisa cha makoswe."

Ndinabwerera kwanga itangodutsa wani koloko. Ha, kukongola kwake! Timifuleni tonse todzaza, dothi lakuda bii, madontho akugwa m'masamba. Ndinawerama pakamwa pa paipi kuti ndisukusule. Ndinathira madzi kumaso kawiri, ndipo ena anatsikira pamlomo.

Mchere.

Sunali woti n'kudikira kumbuyo kwa lilime ayi. Unali mchere wa msuzi.

Mmene ndinathamangira kukazimitsa injini sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuti itazima kunangoti zii, ndipo ndinkamva mainjini a anzanga akulira patali, aliyense akumwetsa mitengo yake madzi amene ine ndinawalawira. Ndinakuwira Ba Kiệt. Anabwera pa njinga yamoto, anaviika kachipangizo kake pamwamba, kanati madzi ndi abwino. Anakamangirira ku nsungwi n'kukatsitsa pansi pomwe panali paipi yanga. Atakavuula anangoti kukamwa yasa.

"Amalume, geti limadontha pansi pake. Mchere ndi wolemera, umagona pansi, madzi abwino amayandama pamwamba..."

"Ukuuza ine? Ukuuza ine zimenezo?"

Ndinazidziwa ndisanamere ndevu. Bambo anga anandiphunzitsa ndi botolo lomangirira ku chingwe lotapira madzi a pansi. Kungoti kale ngalande inkakhala yodzaza, paipi sinkafika pansi, ndipo botolo lija tinaliiwala tonse. Lilime langa silinaname. Linalawa madzi a pamwamba, a achemwali Chín, osati anga a pansi.

"Ndipatse madzi ndisukuluze mizu," ndinamuchonderera. "Maola atatu okha. Paipi ndiikweza pamwamba."

Anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana pansi. "Kwatsala theka la ola, popani limenelo. Kuposa apo sindingathe. Ndikakupatsani inu, mawa mudzi wonse uli pakhomo panga, ndipo m'tauni mipopi ikutuluka kale kamodzi pa masiku awiri. Pepani, amalume."

Sindinamutukwane. Ndinkafuna, koma mwanayo ankanena zoona. Theka la ola pa mchere wa maola asanu kunali kungodzinamiza. Ndinagula madzi abwino kwa ogulitsa a m'bwato migolo ingapo, okwanira mitengo isanu, ndipo ndinaima pakati pa munda osadziwa kuti isanuyo ikhale iti.

Maluwa ndi amene anayamba kugwa, tsiku lachitatu. Kenako masamba anapsa m'mphepete, napindika, nayamba kuyoyoka ngakhale kopanda mphepo. Pofika tsiku lina lopopa, m'munda mwanga munkawala ngati pabwalo la mpira. Anthu ankadutsa pamsewu n'kuyang'ana kumbali. Palibe anandiseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Achemwali Chín ankandisiyira nsomba yophika pakhomo osagogoda. Mitengo yawo inali itagwira tizipatso tangati mazira a nkhuku.

Thắm ankaimba Lamlungu lililonse.

"Madzi akukwana, bambo a Khoa? Akuti kumeneko kwavuta."

"Akukwana."

"Maluwa agwira?"

"Agwira."

Milungu isanu ndinayankha choncho. Lamlungu lachisanu ndi chimodzi foni inalira mwamtundu wina, ndipo nditaigwira nkhope yake inadzaza pagalasi. Tsitsi linali litachita imvi kuposa mmene ndinkaganizira.

"Khoa wandigulira foni yoonetsa nkhope," anatero akumwetulira. "Mwaonda inu! Tandionetsani mitengo yanga."

"Pano mawu sakumveka bwino. Dikira ndisunthe."

Ndinatsamiritsa foni pachifuwa n'kuyenda. Masamba ouma ankalira kumapazi, ndiye ndinkaponda pang'onopang'ono kuti asamve. Ndinadutsa mizere yanga yonse, ndinalumpha malire, ndinakaima pakati pa munda wa achemwali Chín. Eni ake anali pakhonde akusenda adyo. Anadzutsa mutu, anandiona ine, anaona foni, n'kulowa m'nyumba.

Ndinatembenuza foni. Ndinamuonetsa masamba obiriwira, nthambi zolemera, tizipatso tili lende lende. Ndinayenda naye mtengo ndi mtengo, ndikulongosola ngati wogulitsa. Uwu wabereka makumi anayi. Uwu ufunika kuchirikiza. Pakamwa panga pankangotuluka mawu, ine mwini ndikudabwa nawo.

Thắm sanandidule. Nditamaliza ndinkangomva chokupizira mphepo cha m'chipinda mwawo ndi mwana akulira chapatali.

"Yakongola," anatero pomaliza. "Yasamalidwa bwino."

"Ndinakuuza ine."

"Bambo a Khoa."

"Ee."

"Mukabwera mudzanditengere mtondo wanga wamwala uja. Wa kuno ndi wapulasitiki, susinja kanthu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndipo achemwali Chín muwapatse moni. Muwauze kuti bulauzi yamaluwa ija ndinawapatsa yatha ntchito, asamaivalenso."

Foni inazima. Nditacheuka ndinaona chimene chinamuuza kuti mundawo si wathu: chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri kumbuyo kwanga, zovala za achemwali Chín zili poyanika, bulauziyo ikudontha madzi.