Masamba Awiri ndi Nsonga

Tisungeni, kalaliki wa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ankafunitsitsa kuphunzira za AI, makina aja amalemba makalata ndi kujambula zithunzi okha. Mchimwene wake Caleb, munthu woyenda maiko, anamutumizira mndandanda wa mabuku ndi makosi makumi atatu.

"Ndazisiya, amayi. Zonsezi ndingamalize liti?" anadandaula Tisungeni.

Mayi ake, katswiri wothyola tiyi, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Sukulu yonse ija, mwanawe? Unaona ndani akuthyola chitsamba chonse? Timatenga masamba awiri ndi nsonga, otsalawo amatidikira."

Tisungeni anasankha mabuku awiri ndi kosi imodzi ya oyamba kumene. Mwezi usanathe anali akuphunzitsa anzake mu ofesi, ndipo ngakhale a manijala anakoka mpando kudzamvetsera, kukamwa kuli yasa.